Chilungamo sichithera paguwa

Lamulungu la pa 8 Malichi 1992 anthu adalowa m'matchalitchi a Katolika monga mwa masiku onse. Lidali Lamulungu loyamba m'nyengo ya Lenti. Ana adakhala pansi kutsogolo, amayi adadzaza mabenchi, makwaya adatsogolera nyimbo.

Itakwana nthawi ya ulaliki, bambo mfumu sadalalike. Adatulutsa kabuku.

Poyambirira padalibe chachilendo. Kabukuko kadakumbutsa Akhristu kuti munthu aliyense ndi wolemekezeka chifukwa adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Kenaka mawu adayamba kulemera.

Kalata ya m'kabukumo idati anthu ochepa ndiwo akudyerera chitukuko pamene ambiri akugona ndi njala. Idati malipiro a antchito ndi ochepa, ndipo mtengo umene mlimi akugulitsira mbewu zake sukugwirizana ndi thukuta lake. Idatchula za ana othithikana m'makalasi, zipatala zoperewera madokotala, ziphuphu ndi kukonderana pachibale.

Idatchula za khadi la chipani, limene munthu akapanda kulionetsa ankabwezedwa pamsika, pachipatala ndi padepoti ya basi. Idatchula za anthu otsekeredwa miyezi ndi zaka osaonekera kukhoti.

Zonsezi aliyense ankazidziwa. Koma ankazinena ndani? Ngakhale pamowa anthu ankayamba ayang'ana uku ndi uku asanatsegule pakamwa.

M'matchalitchi ena mudangoti zii. M'matchalitchi enanso amayi adaimba nthungululu, anthu n'kuwomba m'manja wowerenga asanamalize.

Iyi idali kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Papita zaka zoposa 30, koma mpaka lero nyengo ya Lenti ikamayandikira Amalawi, Akatolika ndi ena omwe, amatchera khutu kuti amve zimene maepiskopi anene.

Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi ili: kalata ikatha kuwerengedwa, m'manja mutawombedwa, chilungamo chimene yanenacho amatsala nacho ndani?

Moto udabuka

Makope pafupifupi 16,000 a kalatayo adasindikizidwa mwakachetechete ku makina a a Montfort ku Balaka, m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidadzidzimukira itawerengedwa kale.

Patangopita masiku awiri, apolisi adaitanitsa maepiskopi ku Blantyre n'kuwapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri. Pagululo padali Ambuye James Chiona, arkiepiskopi wa Blantyre, ndi anzawo monga Felix Mkhori, Allan Chamgwera, Matthias Chimole, Gervazio Chisendera ndi Alessandro Assolari. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo wopezeka nayo ali pamlandu.

Akuluakulu a chipani cha Malawi Congress Party adakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo adayankhula poyera zoti maepiskopiwo aphedwe. Tepi ya msonkhanowo idatuluka n'kumveka pa mawailesi akunja. Ku Balaka, nyumba ya makina osindikizira idayatsidwa moto.

Monsignor John Roche wa ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adapitikitsidwa m'dziko muno pa Lachisanu Loyera.

Koma zidali zitachedwa.

Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adachita zionetsero zovomereza kalatayo. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. M'mwezi wa Meyi antchito a pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, sitalaka idafalikira, ndipo anthu oposa 30 adaphedwa pa zipolowe zimene zidatsatira. Mwezi womwewo maiko othandiza Malawi adaimitsa thandizo lalikulu.

Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirana manja n'kupanga Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adavotera zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho.

Mbiri imeneyi imakambidwa ngati nkhani ya ndale basi. Koma wowerenga kalatayo mofatsa amapeza kuti mbali yaikulu ikukamba za malipiro, mtengo wa mbewu, sukulu ndi chipatala.

Za mphika wa munthu wamba.

Mizu yake ili kutali

Maepiskopi a ku Malawi sadayambitse okha maganizowa. Adatunga pa chiphunzitso chimene mpingo wa Katolika wakhala ukuchikuza kuyambira m'chaka cha 1891.

Chaka chimenecho Papa Leo XIII adalemba kalata yotchedwa Rerum Novarum. Ku Ulaya mafakitale adali atachuluka. Amuna, akazi ndi ana omwe ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, malipiro ake osakwana n'chakudya chomwe.

Papayo adakana maganizo a amene ankafuna kuti boma lilande chuma chonse cha anthu. Koma adakananso zoti bwana ali ndi ufulu wolipira chilichonse bola wantchito wavomera. Adaphunzitsa kuti munthu akavomera malipiro ochepa chifukwa njala yamupanikiza, pamenepo palibe mgwirizano weniweni koma kuponderezana. Adati wantchito ayenera kulandira zomukwanira kukhala moyo waulemu, kukhala ndi tsiku lopuma, ndiponso kulowa bungwe lomuyankhulira.

Apapa otsatira adawonjezera. Mu 1931 Pius XI adatsindika kuti zimene banja kapena mudzi ungathe kuchita wokha, akuluakulu asawulande, koma awuthandize. Kwathu kuno timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mu 1967 Paul VI adalemba Populorum Progressio, yonena kuti chitukuko chenicheni ndi chokweza munthu yense ndi anthu onse, osati chuma cha dziko chokha. Chaka chomwecho adakhazikitsa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ku Vatican. Mu 1981 John Paul II, amene adadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989, adalemba kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa makina ndi ndalama. Mu 2015 Papa Francis adalumikiza umphawi ndi kuwonongeka kwa chilengedwe m'kalata ya Laudato si'.

Papa wa lero, amene adasankhidwa pa 8 Meyi 2025, adatenga dzina la Leo XIV ndipo adanena yekha kuti akukumbukira Leo wa 1891 uja. Chikalata chake chachikulu choyamba, Dilexi te, chimene chidatuluka mu Okutobala 2025, chikukamba za kukonda osauka.

Mitu ya zikalatazi ili m'Chilatini, koma mfundo zake n'zosavuta. Munthu aliyense ndi wolemekezeka. Zabwino za dziko lapansi adalengera anthu onse. Poweruza lamulo kapena bajeti, yambani mwafunsa kuti wosaukitsitsa zimukhudza bwanji. Vuto la mnzako ndi lako lomwe.

Ndipo pali kusiyana pakati pa chifundo ndi chilungamo. Kupatsa mlonda wako malaya akale ndi chifundo. Kumulipira zokwanira kuti adzigulire yekha malaya ndi chilungamo.

Choyambacho ambiri timachitha. Chachiwiricho ndiye chimavuta.

Pamkeka wa mphakati

Amene akufuna kuona ngati chiphunzitsochi chili ndi moyo asapite kukatedralo. Apite kumphakati.

Pakati pa sabata, dzuwa litapendeka, mabanja oyandikana amasonkhana pakhonde la mmodzi mwa iwo. Mwini nyumba amatulutsa mipando yonse imene ali nayo, yotsalira amabwereka. Amayi, amene nthawi zambiri ndiwo ochuluka, amakhala pamkeka. Patebulo pamakhala kansalu koyera, mtanda, Baibulo ndi kambale ka chopereka.

Amawerenga Mawu, amagawana zimene amva, amapemphera. Kenaka mlembi amatsegula kope lake lakuthaitha, ndipo nkhani za m'dera zimayamba.

Wina wagonekedwa kuchipatala, ndani akapereke phala? Mwana wamasiye wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Gogo wina denga lamugwera ndi mvula ya dzana.

Izi mphakati umazitha bwino. Kambale kamazungulira, achinyamata amapita kukafolera, amayi amagawana masiku okazonda wodwala.

Koma pali nkhani zina zimene zikatchulidwa anthu amayamba kuyang'ana pansi. Mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulanda nyumba, mbuzi ndi malata omwe maliro asanaiwalike. Mtsikana wa sitandade 7 amene makolo akufuna kumukwatitsa. Venda wa sikelo yobera, amene Lamulungu amakhala pabenchi yakutsogolo. Wakatapila amene wagwira khadi la kubanki la mphunzitsi.

Apa kambale sikathandiza. Pamafunika wina woti aimirire, apite kwa amfumu, kupolisi kapena kwa DC, n'kudana ndi anthu amene amakumana nawo pachitsime tsiku ndi tsiku.

Ntchito imeneyi ndi ya a Chilungamo ndi Mtendere, nthambi za bungwe la CCJP zimene zimapezeka m'madayosizi ndi m'maparishi. Kumene nthambi yotereyi ili yamphamvu, mamembala ake amadziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu. Amadziwa kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. Amaperekeza wodandaula, amakhala naye pabwalo, amalondola nkhani mpaka ithe.

Kumene ili yofooka, dzina lake limangomveka pa zolengeza, ndipo limakumbukika chisankho chikayandikira.

Miphakati yomweyi idabadwa movutikira. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, adayendetsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975 yolimbikitsa Akhristu kumakumana m'timagulu kumene akukhala. Boma la nthawiyo lidakayikira kuti timaguluti tikupikisana ndi nthambi za chipani. Mu 1976 Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo adakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Birmingham.

Boma lidaona msanga chimene Akhristu ena sadachionebe: anthu wamba akamakumana sabata ndi sabata n'kumafunsana chifukwa chimene akuvutikira, zinthu sizikhala chimodzimodzi.

Dengu la pamwezi

Ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe kuli bungwe la Centre for Social Concern, limene ansembe a chipani cha Missionaries of Africa adaliyambitsa mu 2002. Ntchito yake yodziwika kwambiri ilibe phokoso.

Mwezi ndi mwezi anthu ake amalowa m'misika ya m'mizinda ndi kope m'manja. Amafunsa mtengo wa chimanga, nyemba, usipa, mafuta ophikira, shuga, sopo ndi makala. Amawonjezera lendi, madzi ndi magetsi. Pomaliza amatulutsa nambala imodzi: ndalama zimene banja la anthu asanu ndi mmodzi likufunika kuti lidutse mwezi.

Nzeruyi idayambira ku Zambia, kumene bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka lakhala likuchita zomwezi kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Mabungwe a antchito amaitenga nambalayi popita kukakambirana ndi mabwana.

Mphamvu yake ili poti siitsutsika. Mtengo wa mulu wa tomato suli kuchipani chilichonse.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Chaka chotsatira boma lidakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndalama imene siinkafika ngakhale theka la dengu la zofunika pamwezi za banja la m'tauni. Kumayambiriro a 2025 thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 lidafika pa K100,000 m'misika ina.

Mwezi wathunthu wa ntchito, osakwanitsa thumba limodzi.

Malipirowo adakwezedwanso mu 2025 kufika pa K126,000, ndipo a antchito a m'nyumba ndi otsikirapo. Funso la Leo XIII lija likadali chiimire pamsika wa Mchesi ndi wa Ndirande.

Zaka za atenanti

Nkhani ya atenanti a fodya ikuonetsa kutalika kwa ulendo wochoka pa mawu kufika pa lamulo.

Kwa zaka zambiri mabanja ochokera m'maboma othinana monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ankatengedwa pamalole kupita kumaesiteti a ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Mwini munda ankawapatsa chimanga, mchere ndi feteleza pangongole. Banja lonse, ndi ana omwe, linkagwira ntchito kuyambira kunazale mpaka kuchigafa.

Fodya akagulitsidwa ku okushoni, bwana ankachotsera ngongole zonse pa mitengo yoika yekha. Ambiri ankatsala chimanjamanja, opanda ngakhale ya basi yobwerera kwawo.

A Centre for Social Concern adachita kafukufuku m'maesitetimo, ndipo pamodzi ndi bungwe la atenanti adakhala akukankha boma kuti likhazikitse lamulo. Bilu yoyamba idalembedwa m'zaka za m'ma 1990, koma idangokhala m'madirowa. Maboma adasinthana, biluyo osafika pokhala lamulo.

Zinthu zidayenda msanga dziko la America litayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake mu Novembala 2019 chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti.

Zimawawa kuvomereza kuti msika udamveka msanga kuposa chikumbumtima. Komabe tsiku limenelo litafika, umboni udali utasonkhanitsidwa kale ndi anthu amene sadatope.

Ndipo lamulo papepala si mapeto. Wina ayenerabe kupita kuchigafa kukaona ngati amene dzulo ankatchedwa tenanti lero akulandiradi malipiro pamwezi.

Owomba m'manja amasinthana

Andale a ku Malawi ali ndi chizolowezi chimodzi. Akakhala kotsutsa, kalata ya maepiskopi ndi mawu a Mulungu. Akalowa m'boma, maepiskopi ayamba ndale.

Muluzi, amene adapindula ndi kalata ya 1992, adakumana ndi mpingo womwewo pamene ankafuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Bingu wa Mutharika adadzudzulidwa m'kalata ya 2010, ndipo mu Ogasiti 2011 Ambuye Joseph Mukasa Zuza a ku Mzuzu adalalika pamaso pake za kuopsa kwa mtsogoleri wodziona ngati wanzeru yekha. Boma la Peter Mutharika lidalandira yake mu 2018. Mu Febuluwale 2024 maepiskopi adauza boma la Lazarus Chakwera kuti m'malo mofika ku dziko lolonjezedwa, Amalawi afikitsidwa ku Bagamoyo, doko la ku Tanzania lodziwika ndi mbiri ya akapolo.

Kudzudzula aliyense wokhala pampando ndi umboni woti maepiskopi sadagulidwe ndi chipani chimodzi. Koma pali china chodetsa nkhawa. Madandaulo a 1992 ndi a 2024 akufanana kwambiri: ziphuphu, kukonderana, mankhwala osowa m'zipatala, mlimi woberedwa.

Kalata yasanduka mwambo. Imawerengedwa Lamulungu, manyuzipepala amailemba Lolemba, mneneri wa boma amati tamva ndipo tiiunika, pofika Lachisanu yaiwalika.

Ya 1992 idagwira ntchito chifukwa ophunzira, antchito a m'mafakitale, maloya ndi mipingo ina adainyamula. Kalata payokha ilibe miyendo.

Mpingo udziyang'anenso

Akatolika ndi pafupifupi 17 mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, malinga ndi kalembera wa 2018. Mpingowu uli ndi sukulu, zipatala, yunivesite, mawailesi ndi minda. Kudzera ku bungwe lake la CADECOM umafika kumidzi ndi mbewu, mijigo ndi thandizo pa nthawi ya ngozi, monga udachitira namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023.

Choncho mpingo nawonso ndi bwana. Uli ndi alonda, ophika, oyendetsa galimoto, anamwino ndi akatekisiti. Muyeso umene umayezera boma ndi eni maesiteti uyenera kufikanso pageti la parishi.

Mlonda wa patchalitchi amalandira zingati? Katekisiti amene wayenda panjinga zaka makumi awiri akapuma amapita ndi chiyani? Mwana wa mlimi wa chimanga angalowe m'sukulu zapamwamba za mpingo, kapena fizi yake ndi ya ana a mabwana okha? Ndalama za mtulo ndi za mapepala Lamulungu zimalengezedwa momveka kwa amene adazipereka?

Mafunsowa Akhristu amafunsana pobwerera ku Misa, koma kawirikawiri safika kubwalo la parishi.

Palinso mabala ena akuya. Mu 2022 khoti lidapeza wansembe wa dayosizi ya Zomba wolakwa pa mlandu wokhudza imfa ya MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene adaphedwa mu 2018. Mpingo udali utamuimitsa kale, ndipo a CCJP akhala patsogolo poteteza anthu achialubino. Komabe nkhaniyi idakumbutsa onse kuti kuvala mkanjo si chitsimikizo choti munthu wamvetsa za ulemu wa moyo.

Kuseri kwa mpanda

Malo ovuta kwambiri kufikako ndi pakhomo pa Mkhristu mwini.

M'nyumba zambiri za ku Area 47, Namiwawa ndi Katoto, ngakhalenso za ku Kawale ndi Bangwe, muli mtsikana wantchito wochokera kumudzi. Amadzuka woyamba, amagona womaliza. Lamulungu amatsala akuphika kuti banja likabwera ku Misa lipeze nsima yapsa.

Kunja kuli mlonda amene amafika dzuwa likulowa n'kuchoka kutacha, masiku onse a sabata. Kumudzi kuli waganyu amene mu Januwale amapalira munda wa mnzake kuti apeze kambale ka ufa, wake munda ukumera thengo, ndipo chaka chamawa njala idzamupezanso.

Anthu awa sadikira kalata ya maepiskopi kapena bajeti ya boma. Chilungamo chawo chili m'manja mwa munthu mmodzi, amene amamudziwa dzina.

Lamulo la dziko limati wantchito apume tsiku limodzi pasabata, alandire zosachepera malipiro amene boma lidaika, ndipo apite kutchuthi chaka chilichonse. Chiphunzitso cha mpingo chimapitirira apo. Chimafunsa ngati ndalamayo ingadyetse ana ake, ndiponso ngati mtsikanayo sakuyenera kukhala m'kalasi m'malo mokhala kukhitchini.

Ena adzati nafenso malipiro athu ndi ochepa, tikalipira zambiri tidya chiyani? Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo n'chifukwa chake nkhondo ya malipiro iyenera kumenyedwa kuyambira kumwamba mpaka pansi. Koma tsiku lopuma silifuna ndalama. Kulipira pa tsiku limene mudapangana sikufuna bajeti ya boma. Kusiya kuchotsera wantchito malipiro chifukwa waswa kapu kuli m'manja mwa aliyense.

Mphakati uliwonse ungathe kuyamba sabata ino, osapempha chilolezo kwa bambo mfumu kapena ndalama kwa azungu. Mlembi atsegule tsamba latsopano m'kope muja, ndipo aliyense amene ali ndi wantchito, mlonda kapena waganyu anene pamaso pa anzake kuti amamulipira zingati, komanso kuti adapuma liti komaliza.